Fulati ya M'dera la C

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, amagwira ntchito ya makompyuta, koma matenda awo enieni ndi nyumba za lendi. Anaonera mavidiyo a ku Amereka mpaka anayamba kuchonga Glasgow yense ngati mphunzitsi. Shawlands ndi A. Gorbals ndi B. Kumpoto kuno, cha ku Sighthill, komwe iwo ndi ine tinafikira tilibe ndi supuni yomwe, akuti ndi C, pena D. Ukangotchula kumene munthu amakhala, iwo amupatsa kale chilembo.

Loweruka lina anandipempha kuti ndiwaperekeze kukaona fulati imene ankafuna kugula, ati khitchini imafuna diso la mzimayi. Titakwera masitepe onunkha chinyontho, amene anatsegula chitseko anali mayi a kutchalitchi kwathu, oimba kwaya. Amagwira ntchito yosamalira okalamba ndipo akulera okha ana awiri. Eni ake ankagulitsa fulatiyo iwo ali momwemo, ndipo mayiwo tulo sankationa poopa kuti wogulayo awatulutsa.

"Kani ndi inu, bambo? Mulungu ndi wabwino," anatero mayiwo.

Anatiphikira tiyi n'kutulutsa mandasi amene anasungira ana. Alamu ankatafuna uku akugogoda makoma, akusuzumira m'bafa, akujambula ndi foni. Za ana sanafunse n'komwe.

Tili m'galimoto anayamba kundiphunzitsa.

"Mlamu, mwaona nyumba zatsopano zija? Msewu uwu ndi C koma ukupita ku B. Vuto ndi tenanti. Munthu wa C ukamusiya m'nyumba, nyumbayo imakhala C mpaka kalekale. Ndikangosaina ndiwauza kuti ndikufuna kukonza, atuluke, ndilowetse anthu a mu ofesi."

"Alamu, mafuta a mandasi awo akadali kukamwa kwanu," ndinatero.

"Bizinesi ilibe chibale. Musawauze kaye, angandisokonezere."

Ndinawauza kuti aime, ndinatsika n'kukwera basi. Kunyumba mng'ono wanga anandiimbira kundichonderera kuti ndisalowerere, mwina amuna ake asintha maganizo. Ndinamumvera, ngakhale ndinkadziwa kuti munthu uja sasintha ngakhale malo oimika galimoto.

Atagula fulatiyo, Lamlungu lotsatira mayi aja anaimirira nthawi ya maumboni. Anati anasala kudya kupempha kuti ana awo asachoke pasukulu imene anazolowera, ndipo Mulungu wawayankha powapatsa landilodi wakwathu. Mpingo wonse unatembenukira kwa alamu n'kuwomba m'manja. Iwo anaweramitsa mutu, dzanja pachifuwa, ngati munthu amene wamanga chipatala. Ine manja anga anakana. Manyazi amene anayenera kugwira iwo anagwira ine.

Titaweruka tinakumana kukhitchini ya tchalitchi, tikutsuka makapu. Mayiwo anandiyandikira akumwetulira.

"Achemwali, inu mumayankhula nawo momasuka. Mundifunsireko ngati angalole kuti ndipente chipinda cha mtsikana wanga. Wakhala akundivutitsa, ati akufuna chachikasu. Kale ndinkamukaniza, koma pano poti tikhazikika..."

Pakhomo panali mng'ono wanga, akundiyang'ana. Ndinatseka mpopi, n'kupukuta manja pachitenje.

"Mayi, penti musagule," ndinatero. "Khalani pansi ndikuuzeni."