Manja Onunkha Thina

Nditathawa sukulu ndinalowa pagalaja ina ku Mzimba boma, yopopera penti magalimoto. Poweruka tonse tinkasamba m'manja ndi thina, mankhwala aja osungunulira penti. Sopo tinkati ndi wa anthu aulesi. Manja ankatuwa mbuu, fungo n'kupita nalo kunyumba.

Mkazi wanga ankaseka. "Inu mukalowa m'nyumba, ngakhale udzudzu umasamuka."

Zaka zinadutsa, mwana osaoneka. Kwathu ku Edingeni, kumene kunachokera ng'ombe za malowolo, nkhani inayamba kutentha. Tsiku lina amama anafika ndi mtolo wa mizu ya mpongozi wawo, mkazi wangayo. "Mkamwana amwe izi. Zikakanika, mbwenu abwerere kwawo, ng'ombe zathu zibwere."

Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinamenya chitseko mpaka chinaguluka. Amama anangoti, "Nanga chitseko chalakwanji?" Mkazi wanga anagwada, n'kulandira mizu ija ndi manja awiri. "Yewo, amama."

Ndi iyeyo amene anandikokera kuchipatala cha mishoni. Adokotala, mayi wamagalasi, anakwinya mphuno tisanakhale n'komwe. "Achimwene, mumagwira ntchito yanji?" Nditawauza, anati mankhwala ena otere amalowera pakhungu ndi m'mapapo, ndipo angathe kusokoneza mahomoni, tinthu ta m'magazi toyendetsa za kubereka. "Sindikuti vuto ndi limenelo ayi. Koma tikuyezeni nonse awiri."

Ndinanyamuka, magazi ali wiriwiri. Kundiyeza ine? Mkazi wanga anagwira dzanja langa lokhakhala lija, osakoka, kungoligwira.

"Khalani pansi, adada. Ine mudzi wonse unandiyeza kale ndi maso."

Ndinakhala.

Mkazi wanga anapezeka ali bwinobwino. Mbewu zochepa zinali zanga. Kaya ndi thina kaya ndi chibadwa, adokotala sanalumbire. Anangoti ndisiye kusambira mankhwalawo, tidzaonenso.

Ku Edingeni ndinapita ndekha. Ndinawapeza amama akusoka fodya m'chigafa, ndipo ndinawauza zonse osakweza mawu, mwina koyamba chibadwire. Anasoka masamba angapo. Kenako anati, "Ng'ombe zikhale komweko. Mkamwana wangayo umugulire chitseko."

Masiku ano ndimavala magolovesi ndi chophimba kumphuno. Anzanga amanditchula namwino, ndipo mmodzi yekha ndi amene ndinamuponyera sipanala. Penti ikandidonthera, ndimapita nayo kunyumba. Mkazi wanga amathira timafuta tophikira pakansalu, n'kumandipukuta chala chimodzichimodzi pakhonde, akundinena kuti ndine mwana wosasamba.

Mwana sitinamuonebe. Koma za kubwerera kwawo palibe amazitchulanso.