Makutu a Zeka

Bondiya abale nonse.

Ndangochoka kuchipatala ku Tsangano ndi mdzukulu wanga Nelito, uja sayankhula. Ndinapita modzitama kuti ine mphunzitsi wopuma ndikudziwa kale, mwanayu ndi mwano basi. Anamwino anandikhazika pansi ngati mwana wa kalasi yoyamba. "Agogo, si mwano, ndi autizimu. Phokoso limamupweteka, n'chifukwa chake amatseka makutu. Osamumenya, muzimuyankhula modekha."

Pomwepo ndinakumbukira mng'ono wanga Zeka nthawi ya nkhondo, tikubisala m'munda wa chimanga ku Ntengo-Wambalame. Mfuti zikalira ankatseka makutu n'kumang'ung'udza akugwedezeka. Ine wanzeru wa pabanja ndinkamuwomba mbama, poopa kuti atigwiritsa. Mbama kuchiza mantha! Ndinamutchanso Chitsiru, dzina lomwe likumutsatabe ndi imvi zake.

Pobwerera ndinadzera kwa Zeka. Ndinakonza chipepeso njira yonse, koma nditafika ndinangoti, "Nyemba zabereka bwino chaka chino." Iye anati, "Sizinabereke," n'kupitiriza kusankha nyemba zake.

Za Nelito ndiyesetsa, abale. Nanga kwa Zeka ndiyambire pati? Mana Rosa, achemwali anga, inu Zeka amakumverani, mungandiperekeze Loweruka?