Mchombo Pansi pa Mlatho wa Njanji

Mchombo wa mwana wanga unagwa atatha sabata imodzi, ndikumusintha thewera. Ndinaukulunga m'kansalu n'kuuika m'kabotolo. Kwathu ku Balaka akanautenga amayi ndi azakhali, n'kukaukwirira kumene akudziwa okha. Kuno ku Dublin unali m'manja mwanga.

Ndinaimbira foni amayi.

"Usautaye m'bini ngati chinyalala, wamva?" anatero. "Upeze dothi, pamalo poti sipadzasintha."

"Amayi, kuno ku Rathmines tili m'chipinda cham'mwamba. Pabwalo ndi simenti yokhayokha."

"Ndiye azunguwo mbatatesi amadzala pasimenti?"

Kabotolo kanakhala m'sutikesi miyezi iwiri. Bambo a mwana amagwira ntchito yosamalira okalamba, amabwera atatopa, komanso izi si nkhani za amuna. Azimayi akutchalitchi ndinkachita nawo manyazi, kuopa kuti angandiseke uchimidzi.

Kenako ndinakumbukira mlatho wina. Ndili woyembekezera ndinkasesa m'maofesi kumapeto kwa msewu wa tramu, kasitima kamagetsi koyenda m'tauni, ndipo ndinkauona uli m'chigwa pakati pa mitengo. Ndi wa miyala yokhayokha, wamtali, miyendo yake yokumana pamwamba ngati makomo a tchalitchi. Mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti ndi wa njanji. Ine ndinakulira pafupi ndi njanji, sitima ikamadutsa mbale zinkanjenjemera m'nyumba. Ndinaganiza kuti pamenepo mchombo sudzakhala pawokha, uzimva phokoso langati la kwathu.

Ndinapita Lachiwiri m'mawa, mwana kumsana, jekete pamwamba, supuni m'thumba. Kunkawaza mvula. Ndinaima pansi pa mlathowo kuti ndiyambe ndamva sitima ikudutsa. Ndinadikira mpaka miyendo inazizira.

Panadutsa bambo wina wokalamba ali ndi galu. Anandifunsa m'Chingerezi ngati ndasochera. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ndikudikira sitima.

"Mwachedwa pang'ono, mayi," anatero akumwetulira. "Yomaliza inadutsa ine ndili mwana. Njanji yomwe anazula."

Anapita ndi galu wake. Ine misozi inalengeza. Ndinayenda mtunda wonsewu kudzasiya mchombo wa mwana wanga pamalo pamene palibe chobwera. Ndinayamba kubwerera, mpaka ndinafika pakanjira kotulukira. Koma kubwerera kunali kukaubwezanso m'sutikesi, ndipo nyumba ya lendi timasamuka chaka chilichonse. Ndinacheuka. Sitima zinatha, anthu ake anatha, miyala ili pomwepo.

Ndinapitanso n'kugwada patsinde pa mwendo wachiwiri wa mlathowo kuchokera kukamtsinje kodutsa pansi pake. Dothi linali ndi mizu ndi timiyala, supuni inapindika, ndinamalizira ndi zala. Mawu amene akuluakulu amanena pokwirira sindiwadziwa, sanandiitanepo. Ndinangotchula dzina la mwana ndi dzina la mudzi wathu, n'kufotsera, n'kupondaponda. Mwanayo anali m'tulo.

M'tramu ndinaimbiranso amayi, dothi lili m'zikhadabo.

"Ndakwirira."

"Unali ndi ndani?"

"Ndekha."

Ndinkamva nkhuku kumbuyo kwawo, ndi wina akupopa pamjigo.

"Malowo wawasunga m'mutu?"

"Eya, amayi."

"Udzamuonetse akadzakula. Nanga wakumba ndi chiyani, poti khasu ulibe?"

"Supuni."

"Supuniyo usadyerenso," anatero, ndipo mawu awo anali ngati a munthu wachimfine.