Mzere wotsiriza wa ndakatulo ya bambo anu

Ana anga, mwaswera bwanji nonse?

Ndangofika kumene kuchokera ku Katoto, kugulu lathu lowerenga ndakatulo lija. Lero mutu unali moto ndi madzi, ndiye ndinaimirira n'kulakatula ya malemu bambo anu.

Mwina simudziwa chiyambi chake. Nthawi ya chipani chimodzi, mnzawo wa ku Mchengautuwa atatengedwa ndi apolisi chifukwa cha zolembalemba, bambo anu anaponya kope lawo la ndakatulo pambaula. Ine ndinathira madzi a m'ndowa kuti ndilipulumutse, koma linali litapsa kale. Za tsiku limenelo anapeka ndakatulo imodzi, osailemba. Anati ndiiloweze pamtima, amvekere, "M'mutu mwako sangasechemo."

Lero nditalakatula, mphunzitsi wina anati moto ndi boma, madzi ndi anthu wamba. Mayi wina anakana, "Yayi, ichi n'chikondi basi. Yewo chomene, mama!" Anatsutsana mpaka tiyi kuzizira. Ndikanawauza bwanji kuti inali mbaula yathu yomwe ija ndi ndowa yodontha ija?

Koma chandipweteka si chimenecho. Mzere wotsiriza unandithawa. Ndinangoima kukamwa yasa, iwo n'kuwomba m'manja poganiza kuti yathera pomwepo. Muholo monse munalibe wondikumbutsa.

Panopa ndili ndekha pakhonde, ndikubwereza kuchokera poyamba, koma kumapeto sindikufikako.

Bambo anu ankainong'ona ndakatuloyi akamasita malaya awo, inu mukusewera pomwepo. Chonde musangoika tizala toloza m'mwamba tija ta pafoni, mundiyankhe. Alipo amene akuukumbukira mzerewo, kapena ndingovomereza kuti nawonso wapsa?