Matewera Kuseri kwa Saluni ya a Zala

Mumsewu wonse ankadziwika ndi dzina loti a Zala, chifukwa cha changu chawo poluka tsitsi. Saluni yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa wokonza mafoni ndi wogulitsa penti, mongokwana mipando iwiri, galasi ndi beseni. Anali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri. Mwamuna wawo anachoka kalekale atatopa kudikira mwana, ndipo iwo anazolowera kukhala okha.

Mng'ono wawo atamwalira pangozi ya galimoto, anasiya khanda la miyezi isanu ndi iwiri. Bambo a khandalo anali dalaivala wa mtunda wautali, mlendo pakhomo pake pomwe. Abale atakhala pansi kuti akambirane za mwanayo, aliyense anayang'ana kumapazi kwake. A Zala anangodzuka n'kumubereka.

Makasitomala anamupatsa dzina loti Abwana, poti akangolira ntchito imaima, ngakhale mutu wa munthu uli theka. Mwanayo anazolowera bere, koma kwa mayi ake aakuluwa kunalibe kotulutsa. Anamugulira mkaka wa ng'ombe ndi botolo. Botololo ankalitsukuluza mothamanga pakati pa mutu wina ndi unzake, mkaka wotsala n'kumakhala pashelefu dzuwa lonse.

Kutsegula m'mimba kutayamba, kasitomala wina anati ndi mano amenewo, zisiya zokha. Sizinasiye. Wogulitsa mankhwala pakona anawapatsa botolo la mankhwala ofiira, litatha anawapatsa loyera. Wina anawalangiza kuti asiye kumupatsa phala, mimba ipume kaye. A Zala anamvera zonsezi, n'kumuonjezera mkaka kuti asafe ndi njala.

Chingwe cha kuseri kwa saluni, chomwe ankayanikapo matawulo, chinadzaza matewera. Ankachapa kasanu ndi kawiri, kasanu ndi katatu pa tsiku, mpaka zala zawo zinasweka ndi sopo, tsitsi la anthu n'kumakodwa m'ming'alumo. Chimbudzi cha mwanayo chinali madzi okhaokha a thovu, onunkha chowawasa, ndipo matako ake anapsa ngati wathiridwa madzi otentha. Makasitomala anayamba kukumbukira kuti ali ndi kopita.

Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi chiyambire kutsegula m'mimbako, a Zala ali pamutu wa mphunzitsi wina, anazindikira kuti kuyambira m'mawa mwana sanalire. Anataya chipeso. Anamupeza ali maso, koma masowo atalowa m'kati, liwombo litabonyoka, pakamwa pali gwa. Anamupatsa botolo, iye anangoliyang'ana.

Kuchipatala namwino wachikulire anatsina khungu la pamimba pa mwanayo, khungulo linatsala litaima. Anamuika diripi, kenako anafunsa masiku, zakudya, mankhwala, ndi mmene botolo limatsukidwira. Anafotokoza kuti matenda oyamba aja, omwe mwina anachokera m'botolo, anakalakala m'kati mwa matumbo. Matumbo otere amalephera kugaya shuga wa mumkaka, ndiye mkakawo umangodutsa ukukoka madzi a m'thupi. Mankhwala aja anangoonjezera chisokonezo, ndipo popanda chakudya matumbo analibe chodzikonzera.

A Zala anatembenukira kwa namwinoyo.

"Ndiye kuti mwana wa mng'ono wanga ndikumupha ndine?"

"Wakupha mwana sathamangira naye kuno, mayi," anatero namwinoyo. "Sambani m'manja, mugwire supuni iyi."

Botolo analitaya pomwepo. Mwana anayamba kulandira zinki ndi mavitamini, komanso madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi nthawi iliyonse akatsegula. Chakudya chinali phala la mpunga lothira mafuta ndi yogati pang'ono, kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Supuni imodzi inkatenga mphindi zingapo. A Zala ankamunyengerera, kumuimbira, kumutchula bwana wanga, iye n'kulavula zonse pachifuwa pawo.

Panapita masiku osasintha kanthu. Sikelo inkatsika. Pabedi loyandikana nawo panali mtsikana wazaka zosakwana makumi awiri ndi mwana wake wodwala zomwezo. Tsiku lina masana anamwino anatchinga bedilo ndi makatani, ndipo atawachotsa panali matiresi okha. A Zala anapita kubafa, anatsegula mpopi kuti asamveke, n'kuyamba kulankhula ndi malemu mng'ono wawo uja. Anamupempha kuti ngati akumufuna mwanayo amutenge lero lomwe, asamuzunze chonchi. Kenako anadzimenya pakamwa n'kubwerera kukatenthetsa phala.

Dokotala analamula kuti chilichonse cha mkaka chichotsedwe kaye. M'phala munayamba kulowa dzira, tsiku lina nkhuku yopera. Pa tsiku lachitatu matewera anatsika kufika anayi. Pa lachisanu mwanayo anagwira yekha supuni n'kuikokera kukamwa, ndipo a Zala anachita mantha kusangalala.

Anawatulutsa patatha masabata awiri ndi theka, atawauza kuti mkaka adzaubwezeretsa pang'onopang'ono, ndipo azibwera naye kusikelo sabata iliyonse. Saluni anaipeza ili ndi fumbi, anthu awo ambiri atapeza kwina kolukitsa. Wokonza mafoni anawatcherera alamu yolira maola awiri alionse, nthawi yodyetsa mwana. Amene akufuna kulukidwa ndi a Zala masiku ano amabwera atadziwa kuti akhalitsa.

Mwanayo akadali wochepa kuposa anzake. Pa miyezi khumi sanayambe kukwawa, amangokhala pamphasa n'kumayang'ana anthu m'galasi. Lachiwiri lapitali sikelo sinasunthe n'komwe. Namwino anati zimachitika, asataye mtima, aonjezere kasupuni ka mafuta m'phala. A Zala anavomera ndi mutu. Potuluka anaima pakhonde la chipatala, anamutsitsa mwana kumsana n'kusuzumira m'thewera, anthu akuwalambalala.