Denga la Amayi ndi Bondi ya Boma

Abambo atapuma pa ntchito yawo yoyendetsa galimoto ya ofesi ina yaboma pa Boma la Machinga, ndalama za penshoni zimene amapereka zonse nthawi imodzi zija zinalowa ku banki, ndipo ine ndinali nditazipezera kale ntchito. Nyumba ya kwathu ku Rivirivi inali ya njerwa zowotcha koma yofolera udzu, ndipo inkadontha mopanda manyazi. Mvula ikayamba, amayi ankandandalika mabeseni pansi ngati akugulitsa pa msika. Anali ndi chifuwa chosamva mankhwala, ndipo chinyontho chinkawagoneka dzinja lililonse. Ine ndinali mphunzitsi ku Balaka, mwana wawo mmodzi yekhayo, wamalipiro otha mwezi usanafike pakati. Chomwe ndinkafuna ndi malata pa nyumba ya amayi, basi.

Loweruka lina abambo anatulukira kwanga atavala jekete la ku tchalitchi. Anati ndalama zija sakufuna kuzigwira msanga, ziyambe zabereka, ndipo anandituma kuti ndikafufuze komwe zingabereke bwino. Ndinang'ung'udza kuti mtengo wa malata sudikira munthu, koma ndinadzitonthoza kuti zikabereka tidzaikanso mawindo agalasi.

Ku banki, mayi wa pa desiki anandionetsa zomwe akaunti wamba imabereka, ine n'kumufunsa ngati akundiseka. Zinali zosakwana ndi mtengo wa minibasi yobwerera kunyumba. Kenako anandifotokozera njira ziwiri. Yoyamba ndi fikisidi: umatsekera ndalama ku banki kwa miyezi yomwe mwagwirizana, ikatha amakubwezera zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja. Yachiwiri ndi bondi: umabwereketsa boma kwa zaka zingapo, limakupatsa chiwongoladzanja kawiri pa chaka, ndalama yeniyeniyo n'kudzakubwezera kumapeto. Ndinamufunsa modabwa. Boma lonse lija kubwereka kwa dalaivala wake wakale? Mayiyo anati ee, ndipo chiwongoladzanja chake chinkaposa cha fikisidi ndithu.

Sabata imeneyo ana a m'kalasi mwanga anandiona pang'ono. Ndinazungulira mabanki onse a m'tauni, ndipo ndinadabwa kupeza kuti chiwongoladzanja cha fikisidi amanenerera ngati tomato. Ukaonetsa kuti ukutuluka, amakuitana n'kuwonjezera pang'ono. Ndinamvanso kuti konse kuwiri amadulapo msonkho, ndipo ndinakwiya ngati ndalamazo zinali zanga. Bondi inkakopa maso, koma chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Kwacha inkafooka chaka ndi chaka, moti podzafika tsiku loti boma libweze, ndalama yomweyo ikanagula malata ochepa. Ukafuna kuigulitsa nthawi isanakwane, ukhoza kuluza. Ndinatsimikiza za fikisidi ya miyezi yochepa, yothera m'chilimwe, kuti titape zonse n'kufolera mvula isanagwe.

Ndinapita ku Rivirivi ndili ndi mtima wa munthu wopambana mayeso. Ndinawapeza pakhonde masana, amayi akusenda nandolo, abambo akukonza mpini. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo ngati ndili m'kalasi. Abambo anamvetsera osandidula, kenako anafunsa funso limodzi lokha: kodi njira ya bomayo ndi imene imakupatsa zipatso, mtengo n'kutsala uli chiimire? Ndinavomera, ndikuthamangira kuwakumbutsa kuti zipatso zokhazo sizingafolere nyumba chaka chimodzi.

"Ndiye imeneyo," anatero. "Zipatsozo zizidyedwa pano, mudzigulira malata pang'onopang'ono. Koma thunthulo ndi la kwathu."

Sindinamve bwino. Ndinafunsa kuti kwathu kwake kuti, poti tinali titakhala pakhonde pawo. Anayankha modekha kuti ku Machinga, komwe kuli mlongo wawo ndi ana ake. Abambo anabwera ku Rivirivi ngati mkamwini, kudzakhala kwa akazi awo monga mwa mwambo wathu. Munda unali wa amayi, malo a nyumba anali a amayi, ndipo mbumba yomwe iwo ankaiyang'anira inali ya mlongo wawo uja. Zonsezi ndinkazidziwa monga momwe munthu amadziwira katekisimu. Sindinaganizepo kuti bambo amene anaumba njerwa za nyumbayo ndi manja awo, n'kubzala mango onse a pabwalo, ankadziwerengabe kuti ali kwa eni.

Mtima unandiwira. Ndinanena zambiri zomwe mwana sanena kwa bambo ake. Ndinati ana a azakhali aja sanawachapirepo ngakhale malaya amodzi, pomwe amayi anadzuka m'mamawa moyo wawo wonse kuwatenthetsera madzi. Abambo anangopitiriza kusema mpini wawo. Ndinatembenukira kwa amayi, ndikuyembekeza kuti alira kapena andithandiza kukalipa. Iwo sanasiye n'kusenda komwe.

"Iyayi, usawavute abambo akowa," anatero. "Pano m'pathu, iwe ndi ine. Nanga iwowa tsiku lopita adzasenza denga pamutu?"

Mawu amenewo anandizizira kuposa a abambo. Anthu awiri amene ndinkawaona akudyera mbale imodzi anali atagwirizana kalekale, mosakangana, kuti mmodzi wa iwo ndi wodzapita. Ndinakwera minibasi madzulo omwewo osatsanzika bwino.

Ndinalumbira kuti ku banki sindiwaperekeza, koma ndinawaperekeza, chifukwa mapepala achingerezi ankawasokoneza. Atamaliza kusaina, anauza mayi wa pa desiki uja kuti boma analiyendetsa pa galimoto zaka zambiri, tsopano alikongozanso. Mayiyo anaseka, ine ayi.

Chiwongoladzanja choyamba chinagula malata okwana chipinda chogona chokha. Mmisiri anaseka mpaka kupukuta misozi, akuti sanafolerepo nyumba mbali imodzi ngati wometa wothawidwa ndi magetsi. Nyumba inakhala theka malata, theka udzu, ndipo anthu odutsa pa njira ankaloza. Ine ndinkachita manyazi. Amayi ankangosangalala kuti tsopano mvula akuimvera pamwamba osati pa bulangeti. Chachiwiri chinagula mapaso ndi misomali, malata n'kukhala ochepa chifukwa mtengo unali utakweranso, monga ndinanenera. Kunena zoona sindinalephere kuwakumbutsa abambo zimenezo.

Amayi anamwalira dzinja lotsatira, denga lisanafike pabalaza. Chinali chifuwa chomwe chija. Adokotala sananene kuti ndi chinyontho, koma ine mumtima ndinali nditaweruza kale, ndipo pa maliro onse sindinathe kuwayang'ana abambo kumaso.

Patapita miyezi, amalume anga, alongo awo a amayi, anaitanitsa mwambo wosudzula, womasula munthu amene mnzake wamwalira. Anathokoza abambo kuti anasunga bwino mlongo wawo, nati tsopano amasuka. Anawonjezera kuti ngati akufuna kukhala, mwana wawo alipo. Ine ndinkaona ngati ndi mawu ongokwaniritsa mwambo, onena n'kudya n'kubalalika. M'mawa mwake ndinapeza abambo atamanga kale sutikesi ndi chingwe. Ndinawagwira mkono, ndinawauza kuti malowa tsopano ndi anga ndipo palibe akuwathamangitsa. Anati akudziwa, koma munthu wamkulu sakalambira pa mudzi wa eni mkazi atapita. Pabwalo ponse wodabwa ndinali ine ndekha. Amalume anawanyamulira sutikesi mpaka ku msewu.

Ndinawaperekeza ku Machinga ndili wokonzeka kukakumana ndi afisi odikira ndalama. Ndinapeza azakhali atazira chipinda, ana awo ataumba njerwa kuseri kwa nyumba kuti amalume awo adzamangepo bondi ikadzatha. Zinandisowetsa pogwira. Chipindacho chinali chaching'ono, chosungiramo chimanga, ndipo fungo la mankhwala a anankafumbwe linali lisanathe. Ndinawasiya abambo atakhala pa mphasa mmenemo, ndipo ndinalira kuyambira pa Boma mpaka ku Liwonde.

Nthawi ya chiwongoladzanja china itakwana, ndinawaimbira foni kuwauza kuti achigwiritse ntchito okha, ayambe kumanga, poti ku Rivirivi kulibenso wodya zipatso zija. Tsiku lomwelo ndalama zonse zinalowa pa foni yanga. Ndinaimbanso mokalipa, iwo n'kungoti anapangana ndi amayi kuti zipatso ndi za denga, ndipo imfa sinafafanize panganolo. Anapitiriza choncho nthawi iliyonse, iwo akugona pambali pa matumba a chimanga. Ndinayesa kuzibweza, anazitumizanso kudzera kwa mmisiri.

Denga linatha m'chilimwe china, ine nditayamba kumapita ku Rivirivi Loweruka lililonse kukayang'anira nyumba ndi munda. Ndinawatumizira uthenga kuti abwere adzaone. Tsiku limenelo ndinali mkati ndikusesa tizidutswa ta malata, ndipo ndinawaona pawindo akubwera kuchokera ku msewu, ataonda, chipewa chili m'manja. Anazungulira nyumba yonse pang'onopang'ono akuyang'ana m'mwamba. Kenako anaima panja pa chitseko, chimene anachikhoma okha ine ndili wamng'ono.

"Odi," anatero.

Ndinaima ndi tsache m'manja, ndikudikira kuti angokankha n'kulowa. Sanalowe. Patapita kanthawi anaodiranso, mokweza pang'ono, monga amachitira munthu woganiza kuti eni nyumba sanamve.

"Lowani, abambo," ndinayankha.

Anapukuta nsapato, nalowa, nakhala pa mpando wa pafupi ndi khomo, kudikira kuti ndiwapatse moni.