Agogo Kunja kwa Waya wa Bwalo la Ndege

Ndege zikamadutsa pamwamba pa nyumba yathu kuno ku Brampton, kutsidya kwa nyanja, mpaka mawindo kunjenjemera, ndimamva fungo la udzu wopsa ndi la malaya akhaki a agogo anga aamuna, a Gama.

Kwathu ndi kufupi ndi malire, ndipo bwalo la ndege la kumeneko poyamba linali la asilikali. Agogo sanali msilikali ayi. Ntchito yawo inali kuyenda m'mawa uliwonse pamsewu wa ndege, ali chiweramire, kutola timiyala ndi misomali n'kumaponya m'chitini, mbuzi zikalowa n'kuzipirikitsa. "Kamwala kamodzi kangathe kugwetsa ndege, Esinati," ankatero. Ngakhale pabwalo la nyumba yathu sunkaponda mwala.

Asilikali atachoka, malowo anamera tsekera, koma agogo ankakatolabe popanda wowatuma. Anthu ankati mutu wawazungulira. Kenako boma linakonza bwalolo kuti likhale la anthu wamba, a mbali zonse ziwiri za malire, n'kulizinga ndi waya.

Tsiku lotsegulira, ife a kwaya ya kusukulu tinafola pageti kuti tikaimbire alendo. Agogo anatulukira atavala khaki wawo wazigamba, chitini kumanja. Mlonda anawaimitsa.

"Madala, zitini n'kumsika uko. Kalata muli nayo?"

"Ndilibe, bambo. Koma uyo ndi mdzukulu wanga, mufunseni kuti ndine yani kuno. Esinati, tawauza."

Anzanga anayamba kuseka chapansipansi. Mlonda anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana zala zanga zakumapazi, n'kupukusa mutu. Ambuye andikhululukire, ndinapukusa mutu.

Ndinalowa, ndinaimba. Pobwerera ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Ndinkadikira kukalipiridwa, koma anandipatsa chachikulu.

"Mwaimba bwino, ndimamva ndili kuwaya. Koma kumapeto kwa msewu wa ndege kuja sanatoleko bwino. Ukawauze aphunzitsi."

Sindinakawauze. Agogo anamwalira osapondamonso m'bwalomo, ndipo sindinawapepese.

Lero ndimasamalira okalamba ku Oakville, ndipo ndimathokoza Mulungu. Sabata yatha ndikuchokera ku shifiti, nditamanga duku langa, ndinapeza mwana wanga Tadala ali ndi anzake pokwerera basi. Anandiona n'kuyang'ana kumbali. Mawu okalipa anafika mpaka pakhosi, ndinawameza. Kunyumba ndinamusankhira nthuli yaikulu, ndinakhala naye pansi, n'kumuuza za agogo a Gama, zonse, mpaka za mutu umene ndinapukusa.